Funso: pa seva yatsopano, RAID ikhale ya pa khadi kapena ya Linux?

Akuluakulu a m'gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukusamalira maseva kwa zaka zambiri. Ndimayang'anira makompyuta pa kabungwe kosunga ndi kubwereketsa ndalama ku Zomba, ndipo zolemba zonse za mamembala athu zimakhala pa seva imodzi. Mwezi wathawu magetsi atathimathima masana ena, khadi ya RAID ya seva yathu yakale inapsa. RAID ndi njira yogwirizanitsa madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi, deta isatayike disiki ina ikafa. Madisiki onse atatu anali amoyo, koma panalibe kompyuta ina mu ofesi imene ndinatha kuwawerengerapo, choncho tinadikira masabata opitirira awiri kuti khadi ya mtundu womwewo ifike kuchokera ku Johannesburg, uku anzanga akulemba ndalama za anthu m'makope ngati kale.

Komiti yavomera kugula seva ina. Ndalama zathu zikukwanira yogwirapo kale ntchito, Dell PowerEdge R730 kapena HPE ProLiant DL380 Gen9, ndipo zonse ziwiri ndazikonda chifukwa zimalola ma power supply awiri komanso zili ndi RAM ya ECC, memori yodzikonzera yokha zolakwika zazing'ono. Chimene chandiimitsa mutu ndi ichi: wogulitsa akuti ndigwiritse ntchito khadi imene imabwera ndi sevayo, PERC pa Dell kapena Smart Array pa HPE, chifukwa akuti ndiyo yothamanga ndiponso yodalirika. Ine mtima wanga, pokumbukira masabata aja, ukufuna kuika khadiyo pa HBA mode kuti ingoonetsa madisiki mmene alili, kenako RAID ndiipange pa Debian, mtundu wina wa Linux, ndi mdadm kapena ZFS, mapulogalamu opangira RAID popanda khadi. Tigula madisiki anayi a 4 TB, ndipo a komiti akufuna RAID 5, imene imapirira disiki imodzi yokha kufa, chifukwa amva kuti imasiya malo a 12 TB pamene RAID 10, imene imasunga kope la disiki iliyonse pa inzake, imasiya 8 TB yokha. Kodi ndikuganiza bwino, kapena ndikungoopa chifukwa ndinapsa kamodzi?

Yankho loyamba:

Achimwene, mantha anuwo ali ndi maziko. Mukapanga RAID ndi mdadm, zonse zofotokoza kayalidwe ka madisiki zimalembedwa pa madisiki omwewo mwa njira imene Linux iliyonse imaimva, moti seva ikafa mumangowazula, kuwalumikiza pa kompyuta ina iliyonse yokhala ndi Linux, n'kulemba mdadm --assemble --scan, ndipo nthawi zambiri mafayilo amaoneka ola lomwelo. Nkhani ya liwiro inali yoona kale pamene ma processor anali ofooka, koma processor ya Xeon imene ili m'maseva mwatchulawo siimva n'komwe kulemera kwa masamu a RAID pa ofesi ya kukula kwanuko. ZFS imaonjezera china chimene khadi wamba ilibe: chidutswa chilichonse cha deta chimakhala ndi checksum, nambala yotsimikizira kuti detayo sinasinthe, choncho disiki ikabweza zolakwika mwakachetechete, ZFS imazindikira n'kukonza potengera kope lina.

Za RAID 5 ndiye akomitiwo muwakanize mwaulemu. Disiki imodzi ikafa, pomanganso RAID pa disiki yatsopano pamafunika kuwerenga madisiki atatu otsalawo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kutanthauza 12 TB, pa nthawi imene mulibenso chitetezo china. Opanga madisiki wamba amalemba okha kuti pangakhale cholakwika chimodzi cholepheretsa kuwerenga deta pa ma bit 10^14 aliwonse, amene ndi pafupifupi 12.5 TB. Izi sizitanthauza kuti kumanganso kudzalephera ndithu, koma ndalama za mamembala si zochitira mwayi. RAID 10 kapena RAID 6 zonse zikupatsani 8 TB, ndipo RAID 6 imapirira madisiki awiri alionse kufa. Pogula mutsimikize kuti madisikiwo ndi a mtundu wa CMR, osati wa SMR, chifukwa a SMR amachedwa kwambiri pomanganso.

Yankho lachiwiri:

Ine ndisiyana pang'ono ndi bambo ayankha pamwambapa, ngakhale masamu awo sindikuwatsutsa. Khadi yabwino ili ndi cache, memori yosungira deta kwakanthawi isanalembedwe pa disiki, yotetezedwa ndi batire, ndiye magetsi akathima mwadzidzidzi, zimene zinali zisanalembedwe pa disiki zimasungika mpaka seva itayakanso. Kuno kwathu limenelo si phindu laling'ono. Choipa chake n'chakuti batirelo limatha patapita zaka zingapo, ndipo likatha khadi imasiya kugwiritsa ntchito cache polemba, seva n'kuyamba kuchedwa popanda wodziwa chifukwa. Pa seva yogwirapo kale ntchito, funsani msinkhu wa batirelo musanalipire.

Koma funso langa lalikulu ndi lokhudza anthu. Inuyo mukakhala kumaliro kumudzi disiki n'kufa, ndani adzaisintha? Pa khadi, nyali ya pa disiki yakufayo imasintha mtundu, ndipo ngakhale akalaliki angathe kuizula n'kulowetsa ina mukuwauza pa foni, kumanganso n'kuyamba kokha. Pa mdadm pamafunika munthu wodziwa kulemba malamulo, ndipo kuzula disiki yolakwika n'kosavuta. Mukasankha khadi, gulani ziwiri tsiku lomwelo, ina muitsekere m'kabati. Onaninso pulogalamu yanu ya maakaunti: ngati imafuna VMware ESXi, pulogalamu yoyendetsa maseva angapo pa kompyuta imodzi, mdadm ndi ZFS sizikhalako pamenepo.

Yankho lachitatu:

Njira iliyonse imene musankhe, RAID si backup. Wina akafufuta fayilo kapena ransomware, pulogalamu yoipa yotseka mafayilo kuti mulipire dipo, ikalowa, madisiki onse amatsatira nthawi yomweyo. Khalani ndi makope atatu, limodzi mwa iwo kunja kwa ofesiyo, ndipo muziyesa kubwezeretsa. UPS, chipangizo cha batire chopatsa seva mphamvu magetsi akathima, nayo ikhale yolumikizidwa ku seva ndi chingwe cha USB, ndi pulogalamu ngati NUT, kuti seva izizima yokha batire la UPS lisanathe.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi mwayankha kachiwiri, pulogalamu yathu imayenda pa Linux ndi PostgreSQL, ndiye za ESXi sizitikhudza, koma funso lanu la kumaliro landigwira, chifukwa pa ofesi pathu wodziwa Linux ndine ndekha. Pakadali pano ndikupendekera ku ZFS ya magulu awiri a madisiki awiriawiri osunga deta yofanana, monga RAID 10, ndipo ndimata nambala ya disiki iliyonse pa chitseko chake kuti uthenga wa imelo ukatchula yakufa, aliyense aipeze. Chimene chatsala ndi ichi, achimwene a yankho loyamba: kodi HBA mode ya PERC H730 imene ili mu R730 imapereka madisiki ku ZFS mokwanira, kuphatikizapo zowerenga za SMART zoonetsa thanzi la disiki, kapena ndiuze wogulitsayo aichotse n'kuikamo HBA330, khadi yongolumikiza madisiki yopanda RAID, seva isananyamuke?