Kupeza mpingo ndi abwenzi uli kunja kwa dziko

Mlendo23:
Abale, munthu akasamukira kunja, amapeza bwanji mpingo woti aziumva ngati kwawo? Kutchalitchi anthu amangopereka moni n'kumwazikana.

MayiWaKwaya:
Musanasamuke, kapena ngakhale pano, pemphani kalata yosamukira kwa abusa anu. Mipingo ya Presbyterian ndi ya Reformed imailandira polembetsa umembala. Akatolika nthawi zina amafunsa kalata ya ubatizo. Sakani pa Google Maps mipingo itatu yapafupi, iliyonse mukapemphereko Lamlungu ziwiri kapena zitatu. Mtunda ndi wofunika: tchalitchi chofuna mabasi awiri mudzachisiya nyengo yozizira ikafika.

Mkuluwampingo:
Ubwenzi sumera pa mapemphero a Lamlungu, anthu amakhala ochuluka ndiponso othamanga. Umamera m'magulu a mkati mwa sabata: kuphunzira Baibulo m'nyumba, kwaya, kukonza mipando. Fikani mphindi 15 nthawi isanakwane, mukatuluka musathawe tiyi. Muuzeni mbusa kuti ndinu watsopano, akulowetseni pagulu la WhatsApp.

Chenjerani:
Koma samalani ndi mpingo wofunsa za malipiro anu sabata yoyamba, kapena wolonjeza kukonza mapepala a visa. Pasipoti yanu musapatse munthu aliyense kuti akusungireni, ngakhale akhale mbusa.