Kodi nzeru za ufulu wachibadwidwe zinalowa pati pomanga dziko la America?

Wophunzira wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni. Amati America inamangidwa pa ufulu wachibadwidwe. Nzeruzi zinachokera kwa ndani, nanga zinalembedwa pati?

Mphunzitsi wa ku Kawale:
Gwero lalikulu ndi John Locke wa ku England, m'buku lake la Two Treatises of Government la 1689. Iye ankati munthu amabadwa ali kale ndi ufulu wokhala ndi moyo, wodzilamulira komanso wokhala ndi katundu, boma lisanakhaleko. Anthu amapangana kukhazikitsa boma kuti liteteze ufuluwo, ndipo likayamba kuupondereza, eni ake angathe kulichotsa.

Tsegulani chikalata cha pa 4 Julaye 1776 cholengeza kuti America yadziimira payokha kuchoka mu ulamuliro wa Britain (Declaration of Independence), chomwe Thomas Jefferson analemba. Ndime yachiwiri ikuponda m'mapazi omwewa. Kenako pakubwera milandu 27 yoneneza Mfumu George III ya ku Britain, ngati umboni woti mfumuyo yaswa pangano. Kusiyana kwake n'kwakuti pamene Locke ananena za katundu, Jefferson anaikapo kufunafuna chimwemwe.

Wa ku Biwi:
Aphunzitsi anena zoona, koma tisamangoombera m'manja. Jefferson yemweyo, amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anali ndi akapolo oposa 600 m'moyo wake. Ndime yodzudzula malonda a akapolo nthumwi za madera a America zinaifufuta zisanavomereze chikalatacho. Vuto linali pa mawu oti "anthu onse": sananene kuti akuwerengera ndani. Ukapolo unathetsedwa mwalamulo mu 1865.

Chinanso, chikalatachi si lamulo loti n'kukasumira nacho kukhoti. Ufulu wolankhula ndi wopembedza unalowa m'malamulo oyendetsera dzikolo mu 1791.

Wa ku Area 47:
Achimwene, musapite kutali. Ndime 12 ya malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994 ikuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa Amalawi, ndipo olamulira amazigwira pokhapokha anthu akuwakhulupirirabe. Ndi fungo la Locke limenelo. Maufuluwo ali m'Mutu 4, koma werenganinso ndime 44, yomwe ambiri amailumpha: boma lingachepetse ufulu wina ngati pali lamulo lolola, kuchepetsako n'koyenera, kukugwirizana ndi mfundo za dziko lonse za ufulu wa anthu, ndipo n'kofunikadi m'dziko la demokalase.