Akabawi a m'makomo a ku Tucson: tiziwasiyanitsa bwanji?

Nabanda:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa mbalame za m'chipululu cha Sonora. M'madera okhala anthu ozungulira mzinda wa Tucson, ku Arizona m'dziko la America, mukuoneka akabawi a mitundu iwiri. Wina ndi wotuwa kumsana, wofiirira pachifuwa, wamchira wautali, ndipo amatera pampanda n'kumavutitsa njiwa. Enawo ndi akuda, amakhala atatu kapena anayi pamapolo a magetsi. Kodi ndi mitundu yanji? Nanga munthu ayambe kuyang'ana chiyani mbalameyo isanauluke? Zithunzi za m'mabuku zikungondisokoneza, chifukwa mbalame za dzina limodzi zikuoneka mosiyana.

Phiri_Mbalame:

Mwafunsa bwino, mayi. Yambani ndi thupi, nthenga zibwere pambuyo. Nthenga zimasintha mbalame ikamakula, ndipo dzuwa la m'chipululu limanamiza maso, koma kutalika kwa mchira ndi kaumbidwe ka mapiko sizisintha. Mchira wautali ndi mapiko aafupi, ameneyo ndi wosaka mbalame zinzake pakati pa mitengo ndi nyumba. Mapiko otambalala ndi mchira waufupi, ameneyo ndi wozungulira m'mwamba kapena wodikirira pamalo okwera.

Wotuwa mukunenayo mwachionekere ndi Cooper's Hawk. Ku Tucson alipo ambiri ndipo amakhala chaka chonse. Amamanga zisa m'mitengo italiitali yobzalidwa ndi anthu, makamaka paini ndi bulugamu, ndipo chakudya chake chachikulu ndi njiwa. Amatalika masentimita 35 mpaka 50, wamkazi ndiye wamkulu kuposa wamwamuna.

Vuto n'lakuti ali ndi mnzake wofanana naye kwambiri, Sharp-shinned Hawk, wa masentimita 24 mpaka 34. Kukula kokha musakudalire, chifukwa Sharp-shinned wamkazi amayandikira Cooper's wamwamuna. Yang'anani mchira kaye mbalameyo ili chitere, makamaka kuchokera kutsogolo. Nthenga za m'mphepete mwa mchira wa Cooper's ndi zazifupi kuposa zapakati, choncho nsonga zake zimaoneka zosanjikizana ndipo mchira umathera mozungulira, ndi mzere woyera wotambalala kumapeto. Za Sharp-shinned n'zofanana kutalika, mchira umathera mowongoka, nthawi zina ndi kampata pakati. Chenjerani ndi mzere woyerawo, chifukwa umaperepeseka miyezi ikamapita, moti pofika Malichi kapena Epulo umatsala pang'ono chabe.

Kenako mutu. Cooper's wamkulu msinkhu ali ndi mutu waukulu, wakuda pamwamba pokha, ndipo kuseri kwa khosi n'kotuwa moyererako. Sharp-shinned ali ndi kamutu kozungulira, ndipo kudako kumatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka kumsana osadukiza. Miyendo yake ndi yowonda ngati timitengo ta machesi, pamene ya Cooper's ndi yonenepako. Akamauluka, onse awiri amakupiza mapiko kangapo kenako n'kuwatambasula, koma mutu wa Cooper's umatulukira kutsogolo kwa mapiko bwinobwino, pamene Sharp-shinned amakankhira mapiko kutsogolo mutu n'kumaoneka wobisika, ndipo amakupiza mofulumira.

Kalendala ikuthandizaninso. Sharp-shinned amatsikira m'chigwa miyezi yozizira, kuyambira cha mu Sepitembala mpaka Epulo, ndipo amakaswera m'nkhalango za kumapiri ndi kumpoto. Mukaona kabawi wotere pabwalo mu Juni kapena Julayi, mtima ukhale m'malo, ndi Cooper's.

Za zithunzi zosokonezazo, n'chifukwa cha ana. Cooper's wosakwana chaka ndi wakhofi kumsana, pachifuwa ali ndi timizere totsika m'munsi osati topingasa, ndipo maso ake ndi achikasu. Akamakula maso amasanduka olanje mpaka kufiira. Timizere ta mwana wa Cooper's ndi toonda, tooneka bwino, tothera pamimba. Ta mwana wa Sharp-shinned ndi tonenepa, tofiirira, tosakanikirana.

Nasibeko:

A Phiri afotokoza bwino za woyambayo, ine nditengeko akudawo. Ndi Harris's Hawk, ndipo gulu lomwelo ndi umboni, chifukwa akabawi ena sachita zimenezi. Amasaka limodzi, awiri mpaka asanu ndi awiri, ena kuvumbulutsa kalulu pachitsamba, ena kudikirira potulukira. Nthawi zina wina amatera pamsana pa mnzake pamwamba pa polo kapena pa saguaro, chomera chachitali chaminga cha m'chipululu. Komabe tsimikizani ndi zinthu zitatu: mapewa ndi ntchafu zofiirira, miyendo itaiitali yachikasu, ndi mchira wakuda wokhala ndi poyera pawiri, kutsinde ndi kunsonga. Amatalika masentimita 46 mpaka 59. Ana ake ali ndi mawangamawanga oyera pachifuwa, koma mapewa ofiirira amakhala nawo kale.

Amene amasokoneza anthu apa ndi Red-tailed Hawk wakuda. Ambiri amaganiza kuti Red-tailed aliyense ndi woyera kumimba, koma kumadzulo kwa America aliko ena akhofi thupi lonse. Mudikireni auluke. Nthenga zazitali za mapiko ake zimayera kunsi, pamene za Harris's wamkulu msinkhu ndi zakuda, ndipo Red-tailed wakudayo alibe poyera kutsinde kwa mchira.

Red-tailed wamba ndiye mudzamuona kawirikawiri pamapolo a m'mphepete mwa misewu, yekha kapena awiri. Ndi wathupi lodzaza, masentimita 45 mpaka 65, ndipo mapiko akawatambasula amapitirira mita imodzi. Musayembekezere mchira wofiira nthawi zonse, chifukwa wa mwana ndi wakhofi wokhala ndi timizere tambiri topingasa. Ngakhale lamba wa madontho akuda pamimba, amene mabuku amamutama kwambiri, ena a kumwera chakumadzulo amakhala naye pang'ono kapena alibe n'komwe. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira ndi mzere wakuda kunsi kwa phiko, m'mphepete mwa kutsogolo, pakati pa phewa ndi popindikira phiko. Ana ndi akulu omwe ali nawo. Akakhala chitere atakufulatirani, yang'anani mawanga oyera kumsana opanga chilembo cha V.

Mbewe_K:

Ndiwonjezereko mmodzi amene ambiri amamuphonya. Kuyambira Malichi mpaka cha mu Sepitembala, musamangodutsa miimba ya Turkey Vulture ikamazungulira. Zone-tailed Hawk amasakanikirana nayo, ndi wakuda, amakweza mapiko ndi kupendekeka chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mutu uli ndi nthenga, osati wadazi wofiira, tsinde la mlomo ndi miyendo n'zachikasu, ndipo mchira uli ndi mizere yoyera yopingasa. Kambalame kakang'ono ka pamawaya, ka masentimita 22 mpaka 31, kogwedeza mchira, kokhala ndi mizere iwiri yakuda kumaso, ndi American Kestrel. Mapiko ake ndi osongoka, ndipo kamaswera m'maenje a saguaro osiyidwa ndi agogomole.

Pang'ono pokha ndisiyane ndi mayi Nasibeko: poyera pa tsinde la mchira si pa Harris's yekha. Northern Harrier alinso napo, koma iye ndi wowonda, amauluka m'munsimunsi pamwamba pa minda ndi malo opanda mitengo, ndipo amabwera nthawi yozizira.

Nabanda:

Zikomo kwambiri nonse, tsopano zayamba kumveka. Nanga nthawi yabwino yoyang'ana ndi iti? Komanso, kodi kuthira mbewu ndi kuika madzi pabwalo kumawapweteka akabawiwa?

Phiri_Mbalame:

Za otera, maola awiri oyamba dzuwa likatuluka ndiwo abwino. Imani dzuwa lili kumsana kwanu. Mukayang'anizana nalo, kabawi aliyense amaoneka wakuda, ndipo apa ndi pamene Red-tailed wamba amatchulidwa Harris's. Ozungulira m'mwamba amayamba cha m'ma 9 kapena 10 koloko, nthaka ikatentha ndi kuyamba kukweza mpweya. Masana a chilimwe musavutike, chifukwa mpweya wotentha umanjenjemeretsa chithunzi ndipo mbalame zimabisala mumthunzi zitayasama kukamwa. Ma binoculars (zoonera patali) a 8x42, okulitsa chinthu kasanu ndi katatu, ndi okwanira, okulitsa kuposa apo amagwedera m'manja. Mukajambula ndi foni, tengani zithunzi zingapo zoonetsa mchira, osati nkhope yokha. Mverani njiwa ndi zinziri: zikabalalika mwadzidzidzi pabwalo n'kukhala zii, yang'anani pampanda ndi m'nthambi zamkati, osati kumwamba.

Funso lachiwirilo ndi lofunika. Mbewu zimasonkhanitsa njiwa, njiwa zimaitana Cooper's, ndipo zoopsa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi mawindo. Kabawi akamathamangitsa njiwa saona galasi, choncho chodyeracho chikhale pafupi kwambiri ndi windo, osapitirira mita imodzi, kapena kutali ndithu, mamita 9 kapena 10. Chachiwiri ndi matenda a trichomoniasis, amene njiwa zimapatsirana pomwera madzi. Amatulutsa zotupa zachikasu kukhosi, ndipo ku Tucson apha ana ambiri a Cooper's odyetsedwa njiwa zodwala. Sinthani madzi tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa sabata tsukani chomweracho ndi muyezo umodzi wa bulitchi pa miyezo isanu ndi inayi ya madzi, mutsukuluze, chiume padzuwa. Mukaona njiwa yofufuma nthenga, yovutika kumeza, chotsani mbewu ndi madzi kwa masabata awiri.

Mankhwala a makoswe oletsa magazi kuundana musaike, chifukwa khoswe wodya mankhwalawo amayenda mofooka masiku angapo ndipo Harris's kapena Red-tailed amamutola. Mu Juni ndi Julayi ana a Cooper's amatsikira pansi asanadziwe bwino kuuluka. Ngati ali ndi nthenga ndipo sanavulale, tsekerani agalu ndi amphaka, makolo ake akumudyetsa. Wovulala muwauze a Arizona Game and Fish Department, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, kapena osamalira nyama zakutchire ovomerezeka, chifukwa lamulo la Migratory Bird Treaty Act silolola kusunga kabawi, ngakhale nthenga yake yotola pansi.