Ŵ wasanduka kabokosi pa posita ya ndakatulo

Wa ku Namwera: Akuluakulu ndithandizeni. Ndikuphunzira design, ndiye ndinadzipatsa ntchito yoti sabata iliyonse ndizipanga posita ya ndakatulo imodzi. Ya sabata ino ndi ya mnzanga, ikunena za asodzi a usipa. Pa foni imaoneka bwino zedi, koma nditakaipulinta pa pepala la A3 ku Mangochi boma, mawu oti Malaŵi atuluka "Mala", kabokosi, kenako "i". Chithunzi cha nyanja nachonso chachita mbuu ngati kuli nkhungu. Ndalama yangopita.

Wa ku Monkey Bay: Pepani achimwene. Kabokosiko ndi vuto la fonti, kutanthauza mtundu wa kaonekedwe ka zilembo. Mafonti ambiri okongoletsa aja alibe ŵ, ndiye kompyuta ya kopulintako ikamusowa imaika kabokosi. Musanakonde fonti, yambani mwalemba "Malaŵi" ndi "ng'ona" muone ngati zonse zikutuluka. Noto Serif ndi Gentium ali naye, ndipo ndi aulere. Komanso musamapititse fayilo yosatseka. Itulutseni ngati PDF, kapena mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape sandutsani zilembo zikhale path, kutanthauza zojambula chabe, zisadalirenso fonti ya pa makina a eni ake.

Wa ku Malindi: Chithunzicho munachipeza bwanji?

Wa ku Namwera: Mnzangayo ananditumizira pa WhatsApp, achemwali.

Wa ku Malindi: Ndi pomwepo. WhatsApp imafinya zithunzi. A3 ndi 297 x 420 mm, ndipo kuti ituluke bwino pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pamafunika ma pixel, timadontho topanga chithunzi, 3508 x 4961. Muwauze atumizenso ngati document. Za mtundu musadabwe: foni imawala ndi RGB (kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu), pepala limamwa inki ya CMYK (inki za mitundu inayi zopulintira), ndiye buluu wa nyanja amazilala ndithu. Muziyamba mwapulinta kakang'ono pa A4. Siyaninso 3 mm ya bleed m'mbali, malo owonjezera oti akadulidwe, odula mapepala sakhala ndi chisoni.

Wa pa mlatho: Ine ndaiona posita mwaikayi, ndipo ndinene mosabisa mphwanga, vuto lalikulu si makina. Ndakatulo yamira. Mwaika dzuwa likulowa, bwato, chambo, mgwalangwa, mpaka kansanja ka wotchi ka pafupi ndi mlatho kaja. Kameneka kakufuna chiyani m'ndakatulo ya usipa? Aliyense wopanga posita ya Mangochi amathamangira dzuwa lolowa, tatopa nalo. Mlakatuliyu akunena za usiku, nyali zili ngwee pamadzi, mayi akudikira kugombe ndi beseni. Detsani pepala lonse, muike timadontho tachikasu tisanu kapena tisanu ndi kamodzi chapamwamba ngati nyali zija, mawu oyera pansi. Basi. Vuto la chithunzi lathera pomwepo, chifukwa chithunzi palibenso.

China, mwadula mizere yake kuti ikwane m'bokosi. Mzere wachitatu mwauthyola pakati, liwu loti "mwera" lagwera lokha pansi. Pamene mlakatuli wadula mzere ndi pamene amapumira akamalakatula. Chepetsani zilembo kapena tengani ndime imodzi yokha, koma mizere isiyeni mmene anailembera. Dzina lake lionekenso, ndipo mumupemphe kaye musanaiponye pa Facebook.

Wa ku Namwera: Ndamva bambo. Kansanjako ndinakavutikira usiku wonse, koma kachoka. Fonti imodzi ikwana?

Wa pa mlatho: Ziwiri zisapitirire, ya mutu ndi ya ndakatulo. Mukapulinta ya A4 ija, muimate pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu muiwerenge mokweza. Mukakakamira penapake, mutijambulire pomwepo tione.