Kamfuno yosatherapo pa mwana wa zaka 7

Nachisale (HSA, mlangizi wa zaumoyo m'midzi, Chonde): Anzanga ndithandizeni nzeru. Kudera kwanga kuli mtsikana wa zaka 7, kamfuno ikungobwerabwera chiyambire kutenthaku. Malungo anamuyeza, alibe. Mayi ake ayamba kale zoti wina wamuchita chipongwe, ndiye ndikufuna ndikabwerereko ndili ndi chowauza.

Phiri (clinician, Luchenza): Asisi, magaziwo akutulukira mbali imodzi kapena zonse? Kwa ana ambiri amachokera kutsogolo kwenikweni, pa kakhoma kolekanitsa mphuno, pomwe pali timitsempha tosachedwa kuphulika. Dzuwa ndi fumbi la Okutobala zikaumitsa m'katimo mumachita nkhanambo, mwana nkumatokosa ndi chala, bala osapola. Chimfine ndi utsi wa nkhuni zimawonjezera.

Nachisale: Kumanja kokha. Ati maminanso akununkha zedi.

Phiri: Aa, apo nkhani yasintha. Mamina onunkha mbali imodzi pa mwana, ganizani kaye zoti muli kanthu: nandolo, njere ya chimanga, kachidutswa ka siponji. Anawa saulula, amaopa kukwapulidwa. Akunyumba asayerekeze kutokosa ndi mtengo wa machesi, angokankhira m'kati. Apite kuchipatala akamuunike ndi tochi. Kakakanika kutuluka timatumiza ku Queens kwa a ENT, madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi.

Sister Mbewe (namwino, Bvumbwe): Ndi zoona a Phiri. Koma a Nachisale mukawaphunzitsenso kaletsedwe kake, chifukwa ambiri amagoneka mwana chagada, iye nkumameza magaziwo mpaka kusanza. Akhale tsonga, aweramire kutsogolo, atsine pofewa pa mphuno mphindi 10 mpaka 15 osasiyasiya kuti aone, azipumira kukamwa. Ngati vuto ndi kuuma chabe, ka Vaseline pang'ono m'mphuno kamathandiza.

Akakhala wamkulu ine ndimayamba ndi BP, kenako ndifunse za aspirin ndi Brufen zam'golosale, anthu othyola tiyi amamwa izi pafupipafupi chifukwa cha msana. Agogo enanso ndi fodya wam'mphuno, ngakhale amakana maso ali gwa.

Chimene sindichedwa nacho ndi ichi: nkhama zotuluka magazi, mikwingwirima osagwa paliponse, zikhatho zoyera. Ameneyo timamuyeza magazi (FBC) tsiku lomwelo, tione maplatelet, tizinthu tothandiza magazi kuundana, ndi Hb, yosonyeza ngati magazi achepa m'thupi.

Nachisale: Nkhama zili bwino, ndinaona. Ndawaimbira mayi ake pompano, akuti mlongo wake anamuona akusewera ndi nandolo wouma. Ndalemba kale mu health passport, mawa m'mawa akwera kabaza kupita ku Boma.

Phiri: Akapezamo mudzatiuze kuti kanali kachiyani.