Chitukuko chokumbukira malemu alangizi athu a zaumoyo

Wapampando, Blantyre: Akuluakulu nonse a gulu lathu la ana a ku Phalombe, ndikuthokozeni chifukwa cha chipepeso chimene munasonkha pa maliro a achimwene athu, amene anatumikira midzi yathu ngati mlangizi wa zaumoyo mpaka pamene matenda anawagoneka. Pa msonkhano wapitawu tinagwirizana kuti tisonkhenso n'cholinga choti tichite chitukuko m'dzina lawo, ndipo maganizo amene andifika ndi awiri: kukumba mjigo watsopano pafupi ndi sukulu ya pulayimale, kapena kumanga kanyumba kochitiramo sikelo ya ana. Lankhulani momasuka, koma mukumbukire kuti ana a malemu ali nafe pagulu pano.

Membala wa ku Johannesburg: Bambo Wapampando, ine ndili kumbali ya mjigo. Kolera itabuka m'chaka cha 2022, matenda amene anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, achimwenewa ankayenda khomo ndi khomo atanyamula ndowa ya kolorini, ndipo namondwe wa Freddy atakokolola milatho mu Marichi 2023 sanasiye, ankawoloka mitsinje wapansi njinga ili paphewa. Mayi anga atadwala usiku ine ndili kuno, ndi iwo amene anawaperekeza ku chipatala ku Migowi, nandiimbira foni kutacha kuti mtima wanga ukhale pansi. Munthu amene analimbana ndi madzi oipa moyo wake wonse timukumbukire ndi madzi abwino.

Namwino, Zomba: Achimwene, zimene mwanenazi ndi zoona, koma ine ndinagwira nawo ntchito limodzi ndipo ndinaona kumene ankavutikira kwambiri. Sikelo ankachitira pansi pa mtengo wa mango, chopimira kulemera kwa ana atachipachika pa nthambi, ndipo mvula ikagwa amayi ankabalalika ana asanabayidwe katemera, mabuku olembamo nkunyowa. Tsiku lotsatira malemu ankakwera njinga kukafunafuna mwana aliyense amene anatsala, chifukwa ankawadziwa onse ndi mayina awo ndiponso a makolo awo. Kanyumba ka malata kokhala ndi mabenchi kangathetse vuto limeneli kwa mlangizi amene adzalowe m'malo mwawo.

Msungichuma, Lilongwe: Ndisanasankhe mbali, ndikuchenjezeni pa nkhani ya ndalama. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi mafuta siinabwererenso pansi, ndipo okumba mijigo amawerengera mafuta a galimoto zawo pa mtengo umene amatchula. Chinanso n'chakuti midzi yathu ina yayandikira ku dambo la nyanja ya Chilwa, kumene mijigo ina imatulutsa madzi amchere oti munthu sangamwe. Tikakumba osayamba tapima malo ndi kufunsa a ofesi ya zamadzi ku boma, tikhoza kutaya ndalama zonse m'dzenje limodzi.

Mwana woyamba wa malemu: Makolo anga nonse, ndapempha chilolezo kwa amayi ndisanalembe izi. Bambo anali munthu amene ankati akaweruka, ngakhale atatopa chotani, ankakhala nafe pakhonde kutiona zimene talemba kusukulu, ndipo amayi akadwala ankaphika okha osaitana munthu wina. Koma nkhani imene inkawasowetsa tulo inali ya mijigo iwiri imene inafa kale m'mudzi mwathu, wina wa kumpoto kwa tchalitchi, wina wa pafupi ndi msika. Ankadandaula kuti anthu amasangalala pa tsiku lotsegulira mjigo watsopano, koma ukawonongeka palibe amene amaukumbukira, amayi nkubwereranso kukatunga kumtsinje. Pokonza m'chipinda chawo maliro atatha, tinapeza thumba la marabala a mjigo ndi masipanala awiri, zimene anagula ndi malipiro awo. Amayi akuti ngati gulu likufuna kuwakumbukira, likonze mijigo iwiriyo.

Membala wa ku Johannesburg: Mwana wathu, mawu akowa andikhudza, ndipo sindingatsutsane ndi alamu anga. Nkhawa yanga ndi imodzi yokha, yakuti chimene chinapha mijigoyo poyamba chidzaiphanso ife tikangochoka, ndipo sipadzatsala chilichonse chosonyeza ana a m'tsogolo kuti m'mudzi muno munali munthu wotere.

Mphunzitsi wopuma, kumudzi: Ine ndikukhala pafupi ndi mijigo imeneyi, choncho ndiloleni ndiyankhe. Yonse iwiri ndi ya mtundu wa Afridev, imene inapangidwa mwanjira yoti anthu a m'mudzi azitha kuzula ndodo zake ndi kusintha marabala okha popanda makina. Chinafa poyamba si chitsulo ayi, koma komiti ya mjigo, pakuti amene ankasunga ndalama zimene mabanja ankasonkha mwezi ndi mwezi atasamuka, palibe amene anasankhidwa m'malo mwake. Ndili wokonzeka kukakhala pansi ndi amfumu pamodzi ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kuti makomiti awiri asankhidwe mwatsopano, amayi akhalemo ambiri popeza ndiwo amatunga, komanso achinyamata angapo aphunzitsidwe ndi makaniko wa mijigo wa m'dera lathu. Simenti ya pansi pa mjigo wa kumsika inang'ambika ndipo iyenera kuikidwanso, ndiye dzina la malemu likhoza kulembedwa pomwepo isanaume, ngati banja lilola.

Namwino, Zomba: Ndikuvomereza, bola nkhani ya sikelo isafe. Ilembedwe ngati gawo lachiwiri, ndipo anthu a kumudzi ayambiretu kututa mchenga ndi miyala.

Wapampando, Blantyre: Zikomo nonse. Aphunzitsi akaonane ndi amfumu sabata ino, kenako aitane makaniko kuti azule mijigo yonse iwiri ndi kutilembera zimene zikufunika. Msungichuma asatulutse ndalama iliyonse mpaka makomiti atasankhidwa komanso madzi atapimidwa. Za dzina pa simenti, ndikafunsa ndekha kwa amayi a kunyumba Loweruka likubwerali, pamene ndikupita kukawaona.