Chining'a ndi mkuluwiko zimasiyana pati?

WakuLifuwu:
Anzanga ndithandizeni, MSCE yayandikira. Ndili Fomu 4 kuno ku Salima ndipo nsinjiro za chiyankhulo zikundizunguza mutu. Zifanifani sizivuta, ukangoona "ngati" kapena "monga" wadziwa kale. Koma malume atamva kuti ndabwereketsa ndalama kwa mnyamata wina wogula usipa ku Senga Bay, anangoti "walemba m'madzi." Chimenechi ndi chining'a kapena mkuluwiko?

MphunzitsiWopuma:
Ndi chining'a, mwanawe. Akutanthauza kuti ndalamazo uziiwale. Ana anga ndinkawauza kuti ayese kusintha mwini nkhani ndi nthawi: ndalemba m'madzi, mudzalemba m'madzi, analemba m'madzi. Zonsezi zikumveka bwino, chifukwa chining'a ndi kachidutswa kolowa m'chiganizo chako. Chimodzimodzi kutsina khutu, kudula phazi, kuona msana wa njira. Mkuluwiko ndi chiganizo chathunthu chonyamula malangizo, ndipo umanenedwa momwe makolo anausiyira. "Walira mvula walira matope" sunganene kuti "tidzalira mvula mawa" n'kumati wapha mwambi. Pa mayeso ukapatsidwa chining'a, usafotokoze za madzi ndi cholembera ayi, lemba tanthauzo lobisikalo basi.

MsodziWaKuKota:
Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma ine ndikuti ana a masiku ano akuvutika chifukwa akuloweza m'kope zinthu zofunika kuzimva ndi khutu. Kuno ku Nkhotakota mwera ukavuta mwezi wa June, maboti ali pamtunda, timakhala pansi kusoka maukonde. Wina akati "uyu ndi manja lende," palibe amafunsa tanthauzo, tonse tikumuona munthuyo atagona pamchenga anzake akugwira ntchito. Ngakhale "kupha nsomba" komwe, mlendo amadabwa ngati timatenga mkondo. Iwe wa ku Lifuwu, khala pafupi ndi malume akowo, akuoneka kuti ali nazo zambiri.

NaPhiri:
Achimwene asodzi, kumva n'kofunikadi, koma MANEB sidzafunsa za pamchenga. Mwanayu aziwerenganso. Ndiwonjezere kuti zining'a zambiri zinabwera chifukwa cha ulemu. Pamaliro timati "atisiya," mayi woyembekezera timati "ali ndi pakati," ndipo pamaso pa apongozi umati "ndikataye madzi."

WakuLifuwu:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, ndiye "madzi akatayika saoleka" ndi mkuluwiko eti? Nanga "kadaunda madzi" ndiike mbali iti, poti sikusintha nthawi?